Mwana Wofuna Kutumidwa

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Nsanje, kutsidya kwa Shire, kufupi ndi kumene mtsinje wa Ruo uthira. Ndagwira ntchito ya uphunzitsi zaka zoposa 20, ndipo ana amene apita m'manja mwanga sindingathe kuwawerenga. Koma lero ndifuna kukusimbirani za mwana mmodzi yekha, mtsikana, amene anandiphunzitsa ine mphunzitsi wake. Dzina lake sinditchula. Nkhaniyi ndalembera makamaka inu akulu anzanga amene mwayamba kuwerenga muli kale ndi ana, pakuti mawu amene ine ndinalakwa nawo ali pafupi ndi pakamwa pa kholo lirilonse.

Cholembera chofiira

M'mwezi wa February 2019 ndinauza ana a Sitandade 7 kuti alembe chimangirizo pa mutu wakuti, "Ntchito imene ndidzagwira ndikadzakula." Madzulo ake ndinakhala pakhonde ndi mulu wa makope, cholembera chofiira chiri m'dzanja. Ambiri analemba za unamwino, uphunzitsi, upolisi ndi kuyendetsa galimoto. Koma kope lina, lonunkha utsi wa koloboyi, linayamba chotere: "Ine ndidzakhala woyendetsa ndege."

Ndinaseka ndekha. Mwanayo ndinali kumdziwa bwino. Atate wake anamwalira kale, amake ndi mlimi wa mbatata ndi chimanga cha kudimba, ndipo iye anali kubwera kusukulu wopanda nsapato. Tsono sindinawerenge kufikira pamapeto, koma ndinalemba pansi pake ndi zilembo zazikulu kuti, "Leka maloto. Sankha ntchito yotheka." Ndinayesa kuti ndamchitira chifundo, pakuti ndinati mumtima mwanga, mwana wosauka akamayenda maso ali kumwamba adzapunthwa pa chitsa.

M'mawa mwake, anzake atatuluka, iye anatsala, nagwada pafupi ndi tebulo langa, nati, "Aphunzitsi, kodi mwawerenga zonse?" Ndinachita manyazi, ndipo ndinamuuza kuti andiwerengere yekha.

Pachulu

Inu nonse mukumbukira madzi a mu January 2015, pamene Boma linalengeza kuti m'maboma 15 mwagwa tsoka. Kuno kwathu Ruo anasefukira nasesa midzi ya ku Makhanga, kotero kuti malowo anasanduka chilumba chosafikika ndi galimoto. Pa nthawiyo ine ndinali ndisanabwere kuno, koma mwanayo anali pomwepo, ali ndi zaka 9.

Madzi analowa m'nyumba usiku. Iye ndi amake, pamodzi ndi anansi ena, anathawira pa chulu chachikulu. Amake anali oyembekezera, masiku awo atatsala pang'ono. Pachulupo anakhala masiku atatu, mvula iri pamsana, akudya mbatata zosaphika zimene mayi wina anamanga m'nsalu pothawa. Usiku sanali kugona poopa ng'ona. Tsiku lachinayi anamva mkokomo, naona helikopita ya asilikali iri kutsika. Inanyamula amake ndi iye ndi ana ena, niwatula ku msasa wa ku Bangula. Kumeneko mlongo wake wamng'ono anabadwa ali moyo.

Atafika pamenepa anatseka kope, nati, "Aphunzitsi, pachulu paja tinapemphera usana ndi usiku, ndipo Mulungu anamva. Koma sanatume mngelo wa mapiko iyayi. Anatuma munthu amene anaphunzira kuyendetsa ndege. Munthu uja akadachita ulesi pa sukulu, ife tikadafera pomwepo. Ine sindifuna ndege kuti ndikaone Johannesburg. Ndifuna kuti tsiku lina, ena akadzapemphera pachulu, Mulungu adzapeze munthu womtuma."

Ndinasowa chonena. Ndinatenga cholembera chomwe chija ndi kufafaniza mawu anga iye akuona.

Patapita milungu yochepa, mu March chaka chomwecho, madzi anabweranso, ndipo zipinda za sukulu yathu zinadzaza ndi anthu othawa. Tsiku lina helikopita inatera pa bwalo lathu la mpira ndi matumba a ufa. Anthu onse maso anali pa matumba. Mwana uja yekha anaimirira patali, akuyang'anitsitsa manja a woyendetsayo.

Zimene tinaphunzira pamodzi

Popeza ndinamlakwira, ndinaona kuti ndiri naye ngongole. Ndinayamba kufunafuna m'mabuku ndi pa intaneti, ndipo zimene ndinapeza ndinali kumfotokozera pa nthawi yopuma.

Tinayamba ndi funso lakuti, chitsulo cholemera chiuluka bwanji? Amene anakwerapo lole natulutsa dzanja lake kumphepo adziwa kale yankho. Ukapendeketsa chikhatho pang'ono, mphepo imachikankhira m'mwamba, ndipo lole likamathamanga kwambiri mphamvuyo imakulanso. Mapiko a ndege anawapanga kuti azikankhira mpweya pansi, ndipo mpweyawo ubwezera pokankhira mapikowo m'mwamba. N'chifukwa chake ndege iyamba yathamanga pa bwalo isananyamuke. Koma helikopita mapiko ake ndiwo azungulira pamwamba pake, chotero itha kunyamuka ndi kutera pa malo ochepa. Palibe matsenga m'menemo; ndi nzeru zophunzirika.

Tinapeza kuti oyamba kuulutsa ndege ya injini anali Wilbur ndi Orville Wright a ku America, ana a bishopu, amene ntchito yawo inali yopanga ndi kukonza njinga. Pa 17 December 1903, pafupi ndi Kitty Hawk, ndege yawo inauluka masekondi 12 okha, mtunda wa mamita 37, wosafika ngakhale pakati pa bwalo la mpira. Mwanayo atamva zimenezi anaseka, nati, "Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha."

Tinapezanso kuti maganizo ake aja sanali achilendo pa dziko. Nkhondo yaikulu yachiwiri itatha mu 1945, oyendetsa ndege ena achikhristu anagwirizana kuti luso limene linagwira ntchito ya nkhondo ligwire tsopano ntchito ya chifundo, nayambitsa bungwe la Mission Aviation Fellowship. Amene anayendetsa ulendo wawo woyamba, ku Mexico mu 1946, anali mkazi, dzina lake Betty Greene. Mu 1957 madokotala atatu anayambitsa ntchito yofikira odwala a kutali pa ndege m'maiko a kum'mawa kwa Africa, ndipo mu 1965 ntchito yotere inayambanso ku Zambia. Kuno kwathu, mu 2016, Yolanda Kaunda anakhala mkazi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni wa ndege. Mayina amenewa mwanayo anawalemba kuchikuto kwa kope lake.

Kutalika kwa njira

Koma sindinafune kuchoka pa kulakwa kumodzi ndi kugwera m'kulakwa kwina. Kuseka mwana nkoipa. Kumnamiza kuti njira njapafupi nkoipanso. Chotero ndinamuuza zoona zonse.

Ndinamuuza kuti woyendetsa ndege ayenera kudziwa masamu, pakuti asananyamuke awerengera kulemera kwa anthu ndi katundu, ndi mafuta okwanira ulendo wonse; ndege siima m'mbali mwa msewu monga basi. Ayenera kudziwa sayansi ndi jogalafe, kuti azindikire mapu, mphepo ndi mitambo. Ayenera kulankhula Chingerezi chomveka, pakuti ndicho chilankhulo chimene oyendetsa ndege a maiko osiyana amvana nacho ndi anthu a pa nsanja ya bwalo la ndege. Madokotala amuyeza maso, makutu ndi mtima, ndipo abwereza kumuyeza masiku onse a ntchito yake. Kuti alandire chiphaso cholembedwa nacho ntchito, ayenera kuuluka maola pafupifupi 200, ndipo ola lirilonse lidya ndalama zambiri, kotero kuti malipiro anga a zaka zambirimbiri sangakwanire maphunzirowo. Mwana wosauka atsala ndi makomo awiri: kulowa usilikali, kumene aphunzitsa okha oyendetsa ndege zawo, kapena kupeza omlipirira chifukwa cha kukhoza kwake.

Ndinamuuzanso kuti ndege siuluka ndi munthu mmodzi. Pali amakaniko oyang'anira injini, pali a pa nsanja olondolera ndege, pali oyeza nyengo. Palinso tindege topanda munthu m'kati, timene mu 2017 anatitsegulira malo oyesera ku Kasungu, kuti aone ngati tingathe kunyamula mankhwala ndi magazi okayezedwa. Iye anamvetsera zonse, nati, "Aphunzitsi, wonditumayo ndiye adziwa pamene adzandiimika. Ngakhale atandipatsa sipanala, ndidzalandira. Koma ndiyamba ndayesa khomo limene ndinaliona."

Kuyambira pamenepo masamu ake anasintha. Sanali mwana wanzeru woposa onse m'kalasi, koma anali wosalola kugona samu isanatheke. Mu 2020 anakhoza mayeso a Sitandade 8, nasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Amake anagulitsa mbuzi ziwiri, amayi a kumpingo kwawo anasonkha ndalama za yunifolomu ndi sopo, ndipo ife aphunzitsi tinasonkha za ulendo. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mantha a amake

Pa 10 June 2024 dziko lathu linagwa m'chisoni. Ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, nipha Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Pa nthawiyo mwana uja anali pafupi kulemba mayeso a Fomu 4.

Maliro atapita, amake anabwera kunyumba kwanga mmamawa. Anakhala pamkeka, ndipo titalonjerana anati, "Ahedi, inu ndinu amene munamlimbitsa mtima mwana uja. Ngati ndege yapha munthu wamkulu chotere, nanga mwana wanga wamasiye ndani? Mlembereni kalata kuti aleke. Inu adzakumverani."

Mawuwa anandilemera, pakuti anali oona. M'ndege muja munaferanso asilikali atatu amene anali pa ntchito yawo, ndipo onsewo anali ana a anthu. Sindinathe kuwalonjeza mayiwo kuti mwana wawo sadzaona zoopsa. Ndinangoti, "Mayi, mantha anu ngoyenera, ndipo inenso ndiri nawo. Koma munthu amene anakutolani pachulu paja nayenso anali ndi amake."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anamasula mfundo ya nsalu yawo, natulutsa kalata yopindapinda. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa chinthu chimene sindinali kuchidziwa: mayiwo analowa sukulu ya kwacha chaka chimene mwana wawo anapita ku sekondale. Kusukuluko salola ana kukhala ndi mafoni, ndipo iwo sanafune kuti makalata a mwana wawo aziwerengedwa ndi maso a eni. Anaika chala pansi pa mawu, nawerenga pang'onopang'ono: "Amayi, ndamva za ndege ija ndipo ndinalira. Koma musandipempherere kuti ndileke. Mundipempherere kuti ndidzakhale wosamala."

Atapinda kalatayo anati, "Ine ndinagwira pensulo ndiri ndi imvi, anzanga akuseka kuti nkhalamba ifunanji kusukulu. Lero ndawerenga ndekha. Tsono ine ndimletse bwanji?" Ananyamuka mantha awo asanathe, koma za kalata yomletsa sanatchulenso.

Kwa inu awerengi

Musayese kuti nkhaniyi itha ndi ndege iri kuuluka pamwamba pa mudzi wathu, anthu akululutira. Mwanayo anakhoza bwino mayeso ake, makamaka masamu ndi sayansi, koma chiyambire tsiku lija la pachulu sanakwerenso ndege. Ali pamudzi pano. M'mawa alima kudimba ndi amake, masana athandiza ana anga a Sitandade 8 masamu popanda malipiro, Lamulungu aphunzitsa tiana kutchalitchi, ndipo madzulo alemba makalata ofunsira malo. Ena mwa makalatawo sayankhidwa. Mlongo wake uja wobadwira ku msasa ali pa sukulu yathu, ndipo ndikamuona akuthamangitsa mpira ndikumbukira kuti moyo wake unapachikika pa luso la munthu amene sitimdziwa ndi dzina lomwe.

Chimene ndaphunzira ndi ichi. Ine ndinayesa cholinga cha mwanayo poyang'ana mapazi ake opanda nsapato, osafunsa chimene chinali kumkoka. Mwana wofuna ntchito chifukwa cha yunifolomu yokongola atopa msanga njira ikatalika. Koma wofuna ntchito chifukwa anaona anthu ali m'tsoka, nakhulupirira kuti Mulungu athandiza anthu kupyolera mwa anthu anzawo, ameneyo wayamba kale kutumikira angakhale asanafike. Khotekhote ngwa njira, kwalinga mtima nkomweko.

Tsono inu atate ndi amayi, mwana wanu akadzanena chinthu chachikulu choposa mudzi wanu, musafulumire kuseka. Mufunseni kuti, "Chifukwa ninji, mwanawe?" ndipo mumvetsere kufikira atatha. Pambuyo pake mumuuze zoona za kutalika kwa njira, osabisa kanthu. Inu amene mwaphunzira zilembo mutakula mudziwa bwino kuwawa kwa kusekedwa, ndiponso mudziwa kuti osekawo sanali olondola.

Cholembera chofiira ndikali nacho, pakuti ndicho khasu la mphunzitsi. Koma kuyambira tsiku lija sindilemba kanthu m'kope la mwana ndisanawerenge kufikira mzere wotsiriza.