Khoka Ndi la Mwini, Nanga Nyanja?

Kwathu ku Kachulu tili ndi lamulo losalembedwa: nyanja ya Chilwa ndi ya tonse, khoka ndi la mwini wake, koma amene wagwirako chingwe pokoka sabwerera chimanjamanja. Amamutapira matemba a ndiwo, osati okagulitsa, koma okadya ndi ana. Nkhani ya zithunzi zakale za pa kanema ine ndimaiyesa ndi muyeso umenewu.

Kufikira 1999 dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake. Motero masiku aakulu a mbiri yathu, monga chipwirikiti cha mu 1959 ndi kukwezedwa kwa mbendera pa 6 July 1964, anajambulidwa kwambiri ndi alendo. Mafilimuwo ambiri ali m'nkhokwe zakunja. Ena ali ku London, kwa British Pathé, amene mu 2014 anaika mafilimu okwana 85,000 pa YouTube. Kuonera n'kwaulere, koma wofuna kuwaika mufilimu yake ayenera kulipira. Nkhope ndi za makolo athu, khoka ndi lawo.

Ndili pa maphunziro oyeserera uphunzitsi pa sukulu ina kufupi ndi kwathu, ndinkaphunzitsa za kuphwa kwa nyanja. Ndinalemba pa bolodi zaka zake, 1968, 1995, 2018, ana nkumangoyasamula. Kenaka ndinawaonetsa pa foni kachidutswa ka nkhani imene atolankhani akunja anajambula mu 2018: mabwato atakhala pa matope ong'ambika, asodzi ali manja m'khosi. M'kalasi munangoti zii. Mtsikana wina anafuula, "Aphunzitsi, apo ndi padoko pathu!" Tsiku limenelo mafunso sanathe.

Titaweruka, mphunzitsi wina wachikulire anandifunsa, "Achimwene, kodi eni ake munawapempha?" Funsolo silinali lachipongwe. Wojambula uja anayenda ulendo, anaononga ndalama, ndipo iyenso amadyera momwemo.

Koma malamulo anasiyira mphunzitsi khomo. Pangano la Berne, limene Malawi analowamo mu 1991, limalola mayiko kumasula zolemba ndi zoulutsidwa kuti zigwiritsidwe ntchito pophunzitsa, malinga kukhale mwachilungamo ndipo mwini wake atchulidwe. Ku America lamulo la 1976 limafunsa zinayi: ukufuna kuchita nacho chiyani, chinthucho n'chamtundu wanji, watapako chochuluka bwanji, ndipo kodi wamuphera mwini msika? Lamulo lathu la 2016 nalonso lili ndi malo a mphunzitsi. Onsewa akunena zomwe asodzi anadziwa kale: tapa za ndiwo, tchula mwini khoka, usanyamule dengu lonse kupita nalo kumsika. Amene afufuta dzina la wojambula nkuyamba kugulitsa filimuyo, ameneyo ndi mbala, ngakhale atavala tayi ya uphunzitsi.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti aphunzitsi ambiri khomo limeneli salidziwa. Poopa mlandu amabisa zithunzi, ana nkumaloweza zaka ngati nyimbo. Ife a pa yunivesite, amene malamulo timawawerenga, tili ndi ngongole kwa iwo.

Ngongole ina ndi iyi. Agogo amene anaona nyanja itaphwa mu 1968 akutha mmodzimmodzi ku Kachulu ndi pa chilumba cha Chisi. Makamera tsopano ali m'matumba mwathu. Tipite tikawajambule akadali ndi mawu, ndipo khoka likadzakhala lathu, tisadzamane mphunzitsi ndiwo.