Motoka imene sinafike pakhomo

Ndinaiona koyamba tsiku Lachisanu, ndikuchokera kusukulu ndi mulu wa makope m'chikwama. Inaima pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi msika wa Kapata: Toyota Celica yofiira, ya zitseko ziwiri, ya nyali zinayi zozungulira kutsogolo. Pagalasi panali pepala lolembedwa mtengo, K68,000. Ndinatsika panjinga n'kuizungulira kawiri. Makope a ana sindinawachonge usiku umenewo.

Kuti mumvetse misala imene inandigwira, ndikubwezeni kumbuyo pang'ono. Ndili mwana, amalume anga anali ndi kanyumba kometeramo tsitsi muno mu Nabvutika. Pakhoma panali chithunzi chakale cha Celica yoyera, ya mizere yobiriwira ndi yofiira, ikuuluka m'fumbi la ku Kenya. Pometa, amalume ankasimba za mpikisano wa Safari Rally ngati kuti analiko. Ankatchula Carlos Sainz, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse ndi Celica mu 1990 ndi 1992, komanso Ian Duncan wa ku Kenya, amene anapambana Safari mu 1994. Pomaliza sankaiwala wathu wa muno m'Zambia, Satwant Singh, katswiri wa Africa yonse kambirimbiri. Mamotoka onse a mawaya amene ndinapanga ndili mwana anali ma Celica, ngakhale aja ooneka ngati ngolo.

Mwini wake anali munthu wa pakamwa pokoma. "Aphunzitsi, iyi si motoka ya aliyense. Ndi ya 1996, ndipo Toyota inasiya kupanga Celica mu 2006. Mukaiphonya simudzaionanso." Anandiuzanso kuti wina wa ku Lusaka akuifuna mwezi usanathe. Ndimaphunzitsa ana kuti asamakhulupirire zonse zimene amva, koma tsiku limenelo ndinameza zonse.

Ndalama zake ndinalibe. Ndinali ndi za chilimba, zimene ine ndi akazi anga tinasungira malata a nyumba ya zipinda zitatu imene tikumanga. Zotsalazo ndikanatenga ngongole, ija amadula pa peyisilipu kudzera ku PMEC malipiro asanafike n'komwe m'manja. Mphunzitsi aliyense amadziwa mnzake amene peyisilipu yake inasanduka mafupa okhaokha, amene pofika pa 10 amakhala ali kale kwa a kaloba. Ndinkawamvera chisoni anthu otere. Tsopano ndinali pamzere womwewo, ndikumwetulira.

Akazi anga sanakalipe. Anayang'ana zithunzi pafoni nthawi yaitali, kenako anafunsa: "Nanga thumba la chimanga lochokera kwa amama ku Chadiza lidzalowa pati? Mwana akadwala usiku, iyi idzatitengadi kupita ku Chipata Central?" Ndinayankha za liwiro ndi za mbiri. Iwo anati, "Chabwino. Pitani nayo kwa amakanika, mukachoka kumeneko mubwere nayo mpaka pakhomo pano. Ikafika pakhomo, tikambirana."

Amakanika amene ndinawapeza ndi bambo achikulire, mnzawo wa malemu atate. Anakana kuiona masana. Anati motoka yakale imaonedwa m'mawa injini isanatenthe, chifukwa yotentha imabisa matenda. Loweruka 6 koloko tinali pansi pa mango paja. Analiza injini n'kuima kumbuyo kuyang'ana utsi. Unatuluka wabuluu pang'ono. "Ikudya oilo," anatero. Anatsegula chotsekera oilo kuona ngati pali thovu looneka ngati tiyi wamkaka, chizindikiro chakuti madzi akusakanikirana ndi oilo. Panalibe, ndipo mtima wanga unakhala m'malo. Kenako anatulutsa kamaginito m'thumba n'kukayendetsa pathupi la motoka. Pachitseko chakumanzere kanakana kumata. Pansi pa penti yofiirayo panali phala lomatira: motoka inagundidwapo. Anatukula kapeti n'kupeza dzimbiri. Anafunsa kuti lamba wa taimingi anasinthidwa liti, ndipo mwini wake anayang'ana kumwamba.

Chimene chinandipweteka kwambiri si dzimbiri ayi. Amakanika anawerenga zolembedwa painjini n'kuseka. "Mwana wanga, iyi ndi 3S-FE. Injini yomweyi ili mu Noah yakale, mu Ipsum, ndi mu RAV4 yoyamba ija." Anandifotokozera kuti ya pachithunzi cha amalume inali GT-Four, ya turbo, yokoka ndi mawilo onse anayi. Iyi inali yokoka ndi akutsogolo okha. Dzina linali limodzi, koma mtima wake unali wa motoka yopita nayo kutchalitchi.

Anati zimenezi zili ndi ubwino wake. Masipeya a injini yotere sasowa, ndipo makanika aliyense wa m'Chipata amaidziwa. Bvuto lili pathupi. Mwala ukaswa galasi lakutsogolo, kapena njinga ikaphwanya imodzi mwa nyali zinayi zija, sudzazipeza ku Down Shops. Udzaimba foni ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, ndipo mwina nakonso adzakuuza kuti uitanitse kunja n'kudikira miyezi. "Chikomekome cha mkuyu," anatero akupukuta m'manja, osamaliza mwambiwo.

Komabe ndinapempha kuiyendetsa. Tinalowa mumsewu wa Great East kulowera ku Mwami, kumalire ndi Malawi. Sindikunamizani: zinali zokoma. Mpando uli pansi kwambiri moti umamva ngati wakhala pamsewu penipeni. Pokhota, motoka imamvera ngati ikudziwa kale maganizo ako. Mapiri anali obiriwira, mawindo otsegula, ndipo kwa mphindi 20 ndinaiwala utsi wabuluu, maginito ndi PMEC. Ndinaganiza za amalume, amene anamwalira asanayendetsepo motoka iliyonse. Mumtima ndinali nditagula kale.

Kenako tinakhotera kwathu. Amene mumakhala mu Nabvutika mukudziwa mmene njira zathu zimakhalira tala akatha, makamaka mvula ikangodutsa: miyala yotuluka ngati mano, ndi ngalande zimene madzi ochokera kumapiri amakumba chaka ndi chaka. Pamwala woyamba pansi panalira. Pawachiwiri mwini wake anagwira mutu. Titafika pangalande ya pafupi ndi pamene timatunga madzi, Celica inakhalira mimba, mawilo akutsogolo n'kumangozungulira. Panyumba panali patatsala mamita ngati 200. Denga ndinkaliona.

Anthu anasonkhana. Anyamata onyamula anthu panjinga, amene amadutsa pamenepo kambirimbiri patsiku ndi matumba a makala, anatsika kudzatithandiza kunyamula. Pakati pa okankha panali ana awiri a m'kalasi langa. Mmodzi anafunsa mwaulemu kwambiri, "Aphunzitsi, ndi yanu?" Akazi anga anaima chapatali, mwana ali kumsana. Sananene kanthu. Mpaka lero sananenepo kanthu za tsiku limenelo, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Chinatsala ndi mapepala. Nditapempha white book, dzina lolembedwamo silinali la wogulitsayo. Anati ndi la msuweni wake amene anapita ku Johannesburg, koma "palibe bvuto". Bvuto lilipo. Kuti RTSA isinthe umwini pamafunika kalata yogulitsira ndi mapepala a mwini wake weniweni, ndipo nambala ya chasisi iyenera kufanana ndi ya m'buku. Popanda zimenezo umalipira ndalama zako zonse koma motoka imakhalabe ya munthu amene sunamuonepo. Road tax ndi fitness nazonso zinali zitatha kalekale.

Usiku umenewo ndinatenga kope ndi cholembera n'kuchita masamu amene ndinayenera kuchita tsiku loyamba. Pansi pa K68,000 ndinalemba chiwongola dzanja cha ngongole. Ndinalemba lamba wa taimingi, matayala anayi, kukonza injini kuti ileke kudya oilo, inshuwalansi, road tax, fitness. Ndinalemba petulo, amene mtengo wake ERB imaunikanso mwezi ndi mwezi, pamene malipiro anga sasintha mwezi ndi mwezi. Ndinalembanso chinthu chimene sindinachiganizirepo: lendi ya malo oimikapo motoka usiku, pakuti pakhomo siikanafika. Ndikanagula motoka n'kumayendabe wapansi kukaitenga m'mawa uliwonse. Nambala ya pagalasi ija inali chabe ndalama yolowera pakhomo.

Sindikunena kuti motoka yakale ya liwiro ndi yachabe. Celica ija ikuyenera munthu amene ali kale ndi motoka ina yoyendera tsiku ndi tsiku, wokhala kumene tala amafika pageti, amene angaisiye miyezi itatu ikudikira nyali popanda mwana wake kugona ndi njala. Kwa munthu wotere dzimbiri ndi ntchito yosangalatsa ya Loweruka. Kwa ine likanakhala ngongole ya zaka zinayi. Funso lakuti "kodi ndi yabwino?" linali losavuta. Lovuta linali lakuti ndi yabwino kwa ndani, wokhala kuti, wolandira zingati.

Panalinso china chimene ndinachedwa kubvomera. Ndinkafuna kuti anthu a muno, amene anandiona ndikupita kusukulu ndi nsapato zong'ambika, aone kuti digiri ija inabala kanthu. Dzina la komboni yathu limanena lokha za kubvutika, ndipo ambirife timakula ndi njala yofuna kulitsutsa poyera. Malata saoneka pamsewu. Motoka yofiira imaoneka.

Lolemba ndinamuimbira mwini wake n'kumuuza kuti sinditenga. Anati ndidzanong'oneza bondo. Mwina ananena zoona pang'ono, chifukwa wa ku Lusaka uja sanabwere, ndipo kwa miyezi iwiri ndinkadutsa dala ku Kapata kuti ndiione. Tsiku lina sindinaipeze.

Malata tinagula mu Meyi, ndipo mvula ya chaka chino idzatipeza m'nyumba yathu. Sabata yatha mwana wanga anabwera ndi mawaya amene anatola kuseri kwa nyumba, akufuna ndimupangire motoka. Ndinakhala pakhonde n'kupinda thupi lalifupi, zitseko ziwiri, ndi tizitsekero tinayi ta mabotolo kutsogolo. Mawilo ndinawapanga aakulu kuposa a Celica yeniyeni. Anaiyendetsa mpaka pangalande paja, n'kuwoloka, n'kubwera nayo pakhomo.