NDERE ZA PA CHIA

Mwezi wa Okutobala, mwera utaleka, ndinapalasa njinga kuchokera pa boma la Nkhotakota kunka kummwera, kukaona alimi a mpunga a m'mbali mwa thamanda la Chia. Dzuwa linali loswa mtengo. Pa mlatho, pamene madzi a Chia atulukira kunka ku nyanja yaikulu, anyamata analikugulitsa chambo. Ndinapitirira mpaka pa kadooko kena ka m'mabango, pamene kamnyamata kanalikumwetsa mbuzi.

Madzi a pamenepo anali odikha ndi obiriwira ngati msuzi wa chigwada, ndipo pa mchenga panali mzere wa bululu ngati munthu watayapo utoto. Nditauza mwanayo kuti achotse mbuzi, mkulu wina amene analikusoka ukonde anaseka nati, "Alangizi, kodi mwayamba kuopa ndere? Si chakudya cha chambo chimenechi?"

Mkuluyo sananame, chambo chimadya ndere. Koma ndere zili mitundumitundu. Izi zoyandama ngati utoto ndi tizamoyo tating'onoting'ono timene ophunzira atitcha cyanobacteria. M'kati mwake muli utoto wobiriwira ndi wa bululu, wokolera kuwala kwa dzuwa kuti tikule. Tikafa ndi kuuma, wa bululu uja ndiwo uoneka pa mchenga.

Tsono mitundu ina ya ndere zimenezi imapanga poizoni. Akatswiri ena aganiza kuti poizoniyo amazithandiza kupirira dzuwa likawomba kwambiri. Amakhala m'kati mwa ndere, ndipo zikafa amasungunukira m'madzi. Wina amaononga chiwindi cha munthu, mbuzi, ng'ombe kapena galu, ndipo kuphitsa madzi sikumuchotsa ai. M'chaka cha 2020 njovu zoposa 300 zinafa ku Botswana, ndipo boma la kumeneko linati zinamwa madzi a ndere zotere. Choopsa ndi ichi: maso sangasiyanitse ndere za poizoni ndi zopanda poizoni. Tsoka silinunkha.

Mkulu uja anaika ukonde pansi nafunsa chimene chizichulukitsa. Ndinamuyankha kuti ndife alimi. Dothi lokokoloka m'minda, feteleza ndi ndowe zimatsika ndi mitsinje monga Lifuliza kulowa m'thamanda, ndipo kukatentha, madzi ali phee, ndere zimadya zimenezo ndi kuswana.

Chifukwa chake, abale anga, limani mizere yopingasa, bzalani udzu wa vetiva pa akalozera, ndipo musalime mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Khola ndi chimbudzi zikhale kutali ndi madzi. Mukaona madzi asanduka utoto, musamwetsepo ziweto, ana asasambepo, madzi akumwa mukatunge pa mjigo. Nsomba za pamenepo muzichotse matumbo ndi chiwindi musanaphike.

Pobwerera ndinaona kamnyamata kaja kalikukusa mbuzi zake kunka ku chitsime. Mkuluyo anandipatsa chambo chimodzi, atachitumbula yekha.