Khola la Nkhunzi ku Flushing

Mwezi uno tiyeni tiwoloke nyanja tipite ku mzinda wa New York, m'dziko la America. Tikafika pa Times Square tikwere sitima ya nambala 7. Kumeneko sitimayi imayenda pansi pa nthaka, nidutsa kunsi kwa mtsinje wa East River, koma ikalowa m'dera la Queens imatuluka ndi kuyenda pamwamba pa msewu wa Roosevelt Avenue, kotero kuti wapaulendo amaona madenga a nyumba ndi timasitolo ta anthu ocokera ku maiko osiyanasiyana. Titsikire pa siteshoni ya Willets Point, ku Flushing, kumene ndeke za pa bwalo la LaGuardia zimauluka pafupi ndi mitu ya anthu.

Pamalo amenewa panali bwalo lalikulu la masewera lochedwa Shea Stadium, kwao kwa timu ya baseball ya New York Mets. Linatsegulidwa mu Epulo 1964. Oimba a Beatles anaimbamo mu 1965, ndipo Papa Yohane Paulo II, amene tinawalandira kuno kwathu mu 1989, analankhula kwa khamu la anthu m'bwalo lomweli mu Okutobala 1979. A Mets anakhala akatswiri a baseball kawiri ali pano, mu 1969 ndi mu 1986. Lero mukatsika sitima simudzalipeza bwalolo. Analigwetsa, nchito yake nitha mu Febuluwale 2009, ndipo timu inasamukira ku bwalo latsopano la Citi Field, limene linamangidwa pambali pake. Nkhani yathu ndi ya kangodya kamodzi ka bwalo lakalelo, ndi mmene kanaliritsira anthu pa tsiku lake lotsiriza.

Popeza ambiri a ife tinakulira pa mpira wa miyendo, ndiyambe ndafotokoza pang'ono. Pa baseball munthu mmodzi amaima pa kacitunda pakati pa bwalo, naponya kampira kolimba kwa mdani wake amene waima pa mtunda wa mamita 18 atagwira cibonga. Womenyayo akaumenya bwino amathamanga kuzungulira zigono zinai, ndipo akabwerera pamene anayambira timu yake yapeza cigoli cimodzi. Akaumenya mpaka kutuluka kunja kwa mpanda, palibe amene angamuletse kuzungulira. Kumenya kotereku amakucha home run. Masewera amakhala ndi zigawo 9.

Woponya woyamba kawirikawiri satha kufika kumapeto. Akaponya pafupifupi ka 100 mkono umalema, ndipo mphunzitsi amamucotsa. Lamulo lake ndi lakuti wocotsedwa sabwereranso. Amene amalowa m'malo mwake amadikira m'kampanda kapadera kochedwa bullpen, ndiye kuti khola la nkhunzi. Ku Shea khola la a Mets linali kuseri kwa mpanda, kutali ndi maso a anthu ambiri. Munali lamya yolumikizana ndi mphunzitsi, ndipo ikalira mmodzi amanyamuka kuyamba kutenthetsa mkono. Munali bata lokwanira mwakuti mphunzitsi wina wa m'kholamo, Joe Pignatano, anadzalamo matimati, nawasamalira zaka zambiri kuyambira mu 1969.

Timu iriyonse imasewera masewera 162 pa caka, kufikira kumapeto kwa Sepitembala. Pambuyo pake matimu ocepa okha ndiwo amapitirira ku ndime yolimbirana ukatswiri mu Okutobala. Lero amapitirira 12 mwa matimu 30, koma mu 2008 anali 8 cabe. Conco khomo linali lopapatiza.

A Mets analowa caka cimeneco ali ndi bala losapola. Mu 2007 anali patsogolo pa anzao a Philadelphia Phillies ndi masewera 7, kutatsala 17 okha, koma analuza 12 mwa amenewo, natsala kunja pa tsiku lotsiriza. Pofuna kuti zisacitikenso, eni timu anatenga Johan Santana wa ku Venezuela kucokera ku timu ya Minnesota Twins, namulonjeza madola mamiliyoni 137.5 pa zaka 6. Santana anali mmodzi wa oponya oyamba opambana onse m'nthawi yake, ndipo anagwira nchito imene anamulipirira. Bvuto linali pa amene anali kulandira mpira iye akatsika pa kacitunda.

M'khola liri lonse mumakhala mkulu mmodzi amene nchito yake ndi kutseka masewera m'cigawo cotsiriza. Wa a Mets anali Billy Wagner, woponya ndi dzanja lamanzere, munthu waluso kwambiri mwakuti mu 2025 anasankhidwa kulowa m'nyumba yokumbukira akatswiri a baseball ku Cooperstown. Kumayambiriro kwa Ogasiti 2008 Wagner anapweteka cigongono, ndipo mu Sepitembala madokotala anamucita opaleshoni. Kusowa kwake kunasokoneza khola lonse, pakuti amene anazolowera kuponya kwa womenya mmodzi kapena awiri anafunika tsopano kusenza zigawo zathunthu. Timu inatenga Luis Ayala kucokera ku Washington Nationals kuti ayese kutseka. Mphunzitsi Jerry Manuel anali kusinthasintha oponya usiku uliwonse, kufunafuna mkono wodalirika. M'caka conseco, oponya a m'khola analandira mpira timu iri patsogolo pang'ono koma nalola adani kuwapeza kapena kuwapitirira nthawi 29.

Komabe kutatsala masewera 17, monga caka catha, a Mets anali patsogolo pa a Phillies. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Mwa masewera 17 aja anapambana 7, naluza 10. A Phillies anawapitirira, ndipo panatsala mpata umodzi wokha, umene a Mets anali kulimbirana ndi timu ya Milwaukee Brewers. Masewera atatu otsiriza anali pa Shea, polimbana ndi a Florida Marlins, omwe aja anawagwetsa pa tsiku lotsiriza mu 2007.

Pa Cisanu a Mets analuza 6 kwa 1. Pa Ciweru, 27 Sepitembala, Santana anakwera pa kacitunda atapumula masiku atatu okha m'malo mwa anai. Anaponya zigawo zonse 9 yekha, ka 117, osapatsa adani cigoli ngakhale cimodzi, ndipo a Mets anapambana 2 kwa 0. Khomo la khola silinatseguke tsiku limenelo. Patapita masiku ocepa zinadziwika kuti anacita zonsezi bondo lake lamanzere liri lobvulala, ndipo nayenso anapita ku opaleshoni.

Pa Sondo, 28 Sepitembala, anthu oposa 56,000 anadzaza bwalo. A Mets ndi a Brewers anali ofanana, onse atapambana 89 ndi kuluza 72. Santana sakanatha kuponyanso. M'cigawo ca 6 a Marlins anatsogola 2 kwa 0, koma Carlos Beltrán anamenya home run imene inabweretsa zigoli ziwiri, bwalo lonse nilinjenjemera ndi cimwemwe. Cigawo ca 8 cinayamba zigoli ziri 2 kwa 2. Scott Schoeneweis, wocokera m'khola, anaponya kwa Wes Helms, ndipo mpira unatuluka kunja kwa mpanda. Mphunzitsi anamucotsa naitana Ayala. Womenya wotsatira, Dan Uggla, nayenso anautulutsa kunja. Pafupifupi nthawi yomweyo, ku Milwaukee, Ryan Braun anamenya home run yake, ndipo a Brewers anagonjetsa Chicago Cubs 3 kwa 1, woponya wao CC Sabathia atamaliza yekha zigawo zonse. M'cigawo cotsiriza Ryan Church wa a Mets anaumenya kutali, anthu naimirira, koma unagwidwa usanafike ku mpanda. Masewera anatha 4 kwa 2, ndipo caka ca a Mets cinathera pomwepo.

Mwambo wotsanzikana ndi bwalo unakonzedwa kuti ucitike masewera atatha, conco anthu anakhalabe pa mipando yao mitima iri yosweka. Akatswiri akale anaitanidwa mmodzimmodzi, pakati pao Willie Mays ndi Yogi Berra. Potsiriza Tom Seaver, woponya wamkulu wa mu 1969, anaponya mpira umodzi kwa Mike Piazza, ndipo awiriwo anayenda pamodzi kudutsa bwalo, natuluka pa cipata ca kumapeto, nacitseka.

Mlandu wonse anthu anauika pa khola, ndipo zoonadi khola linalephera. Koma tiyenera kuweruza mwacilungamo. M'masewera atatu otsiriza aja, omenya a Mets, ena a iwo olipidwa ndalama zambiri, anapeza zigoli 5 zokha. Akanapeza zocuruka, kulakwa kwa Schoeneweis ndi Ayala kukanaiwalika pofika m'mawa. Woponya wa m'khola amaitanidwa zinthu zitabvuta kale, kudzamaliza nchito imene sanayambe. Akacita bwino, ulemu umapita kwa woyamba uja. Akalakwa kamodzi, dzina lake limachulidwa zaka zambiri. Caka cisanathe eni timu anagula wotseka wochuka, Francisco Rodríguez, koma mu 2009 osewera ambiri anabvulala, ndipo timu inapambana 70 cabe niluza 92.

Malo a bwalo lakale anasandutsidwa poimika magalimoto a obwera ku Citi Field. Pofuna kukumbukira Shea, anakhomera pansi zizindikiro zisanu zacitsulo: cimodzi pamene panali kuima womenya, zitatu pa zigono zotsalazo, ndi cimodzi pa kacitunda ka woponya. Khola la nkhunzi siliri m'gulu la zisanuzo, ngakhale kuti masewera otsiriza a bwalolo anagamulidwa ndi anthu ocokera mmenemo.

Tisanakwere sitima yobwerera, awerengi, tatiyeni tiganizire nchito zimene tiri nazo m'manja. Pafupifupi zonse zidzamalizidwa ndi anthu ena, amene lero akhala kuseri kwa mpanda kudikira kuti lamya ilire. Wanzeru amawadziwa maina ao, amawaphunzitsa ndi kuwapumitsa nthawi isanathe, ndipo tsiku limene alephera amayamba wadzifunsa yekha kuti anawasiyira citsogozo cotani.