Ulonda wa Mazira pa Mchenga wa Zambezi

Ntchito yanga ndi kuyendetsa boti la alendo pa Zambezi, kuchokera cha ku Chiawa mpaka kulowa mu Lower Zambezi National Park. Koma madzi akaphwera m'chilimwe, mchenga n'kuyamba kuonekera pakati pa mtsinje, ndimasanduka mlonda wa mbalame yotchedwa African skimmer.

Mbalameyi ndi yakuda kumsana, yoyera kumimba, ndipo mlomo wake wofiirirawo wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Dzuwa likapendeka imauluka chapansipansi, mlomo ukung'amba madzi, ikangokhudza kansomba n'kutseka. Chisa simanga. Imangofukula kadzenje pamchenga, n'kuikiramo mazira awiri kapena atatu amathothomathotho, ofanana ndi mchengawo. Munthu ukhoza kuponda dzira maso ali pomwepo.

N'chifukwa chake sinditsika m'boti. M'mawa ndimazimitsa injini ndikadali patali, madzi azinditenga okha, n'kumawerenga ndi magalasi oonera patali mbalame zimene zakhalira mazira. Yokhalira imadziwika: imakhala chete, thupi litamira pang'ono mumchenga, pamene zinzake zikuyendayenda. Ndimalemba m'kope tsiku, malo ndi chiwerengero. Mazira amatenga pafupifupi masiku 21 kuti aswe, ndipo anapiye amafuna milungu ina inayi asanauluke. Nthawi yonseyi moyo wawo uli pansi.

Anthu amaganiza kuti kholo limakhalira mazira kuti atenthe. Kuno mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40, limakhalira kuti asapse. Limapita kukanyowetsa nthenga za pamimba, n'kubwerera kudzawaziziritsa. Mukaliwutsa masana chifukwa chofuna chithunzi chapafupi, mchenga umawotcha mazirawo ngati chiwaya, inu mukuseka n'kumaonetsana zithunzi. Anapiye nawo akamva makolo akulira amangoti phwathalala pansi, ena m'phazi la mvuu, osagwedezeka ngakhale pang'ono.

Ng'azi imadya mazira, njovu ndi mvuu zimaponda powoloka. Zimenezo sindilowerera, n'zakutchire. Madzinso ali ndi eni ake: chimangireni damu la Kariba mu 1959, kukwera ndi kutsika kwa mtsinje kumadalira madzi amene akutulutsidwa kumtundako, moti mchenga umene unali wouma dzulo ukhoza kumira. Pamenepo ndilibe mawu.

Pamene ndili ndi mawu ndi pa funde la boti. Mchenga umene mbalamezi zimakonda ndi wotsika, ndipo funde limodzi limakwera n'kukokolola mazira ndi anapiye omwe. Oyendetsa ambiri amati akachepetsa liwiro pang'ono ndiye kuti achita bwino. Ayi ndithu. Boti likamayenda mwapakatikati, kumbuyo kutamira, mphuno ili m'mwamba, m'pamene limakankha funde lalikulu kwambiri. Pamafunika kutsitsa injini mpaka pansi, boti ligone bwino pamadzi, n'kulambalala patali.

Asodzi sativuta kwenikweni. Ndikawapeza akufuna kuyanika ukonde pamchenga wa mbalame ndimati, "Achimwene, pepani, pamenepa pali mazira, tasunthirani pachilumba cha mabango icho." Ambiri amamva, ena mpaka amandiuza okha kumene aona mbalame zitakhalira. Ovuta ndi alendo amene alipira ndalama zambiri ndipo akufuna kudyera nkhomaliro pamchenga woyera. Amenewo ndimawapatsa magalasi aja, n'kuwalozera kamwanapiye kakulandira nsomba. Kamaswedwa milomo iwiri ili yofanana, wam'munsi umatalika pambuyo pake. Akaona zimenezo nkhani yotsika imatha yokha.

Mvula ikayamba, madzi n'kukwera, mbalamezi zimachoka. Anzanga oyendetsa maboti, miyezi yake ndi yochepa. Mukaona mbalame zakuda zitakhala pamchenga, tsitsani injini, lambalalani, ndipo musatsitse munthu pamenepo.