Luso Lotseka Pakamwa

Ine ndinakulira pa wailesi. Madzulo tinkazungulira kawailesi ka bambo kumvera Sewero la Sabata Ino, ndipo kanema wa TVM atayamba mu 1999 tinkakhamukira kwa aneba, kumene pambuyo pake tinadziwana ndi Manganya wa Michael Usi mu Tikuferanji. Kwa ine katswiri wa zisudzo anali munthu wa pakamwa pakuthwa, ngati Izeki ndi Jakobo, oti akangoyamba kukangana nthiti zonse kuwawa. Zoti kulinso luso lotseka pakamwa ndinakazidziwira m'bwato ku Elephant Marsh.

Anandikokera kumeneko ndi msuweni wanga wochita zisudzo. Anali atapatsidwa mbali m'sewero la pa kanema loonetsedwa m'magawomagawo: akhale mkulu wowolotsa anthu, wongotulukira padooko popanda wodziwa kwawo. M'gawo loyamba lonse mawu ake anali ziganizo zitatu basi. "Ndiperekeze," anatero, "ndikaone mmene anthu a m'madzi amakhalira chete."

Tinatsika basi pa Nchalo, n'kudutsa minda ya nzimbe mpaka pamene mtsinje wa Shire umatayana m'bango ndi gumbwa. Pano mu 1859 David Livingstone anaonapo njovu pafupifupi 800. Lero njovuzo kulibe, latsala ndi dzina, koma mbalame, ng'ona ndi mvuu zilipo, ndipo mu 2017 damboli linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse.

Wotiyendetsa anali mkulu waimvi, ataima kumbuyo kwa bwato ndi mtengo wautali wokankhira. Tinalowa m'tinjira ta madzi pakati pa namasupuni ndi maluwa a nyika. Mwadzidzidzi anazika mtengo uja m'matope, bwato n'kuima. Anayang'ana m'bango kwa kanthawi, nkhope ili phee, kenaka n'kutembenuza bwato kulowera kwina.

"Agogo, mwaonako chiyani?" ndinafunsa, mtima uli m'mwamba.

"Tiyeni tizipita," anayankha.

Msuweni anandikodola n'kunong'ona: "Wawaona? Munthu wanga ndi ameneyu."

Usiku, pa kuwala kwa tochi, anandionetsa kope lake. Ndinadabwa. Munthu wa ziganizo zitatu uja anali ndi moyo wodzaza masamba: kumene anabadwira, dzina la mkazi amene anamusiya, mwana amene anamira iye ali chigonere ndi uchema. "Zonsezi udzazinena liti?" ndinafunsa. Anati mwina sadzazinena n'komwe. Kadziwa mwini mkhuto wa fulu. Koma fuluyo ayenera kukhutadi, chifukwa wochita sewero akangokhala chete mumtima mulibe kanthu, woonera amazindikira msanga n'kusintha tchanelo. Nzeru yoti wosewera adziwe moyo wonse wa munthu amene akumuyerekeza inazika mizu ndi Konstantin Stanislavski, amene ndi mnzake anayambitsa Moscow Art Theatre mu 1898. Agogo aja anatiphunzitsa zomwezo popanda buku: kuima kwawo kunatiopsa chifukwa iwo anadziwadi chimene chinali m'bangomo.

Kuchokera m'kopemo msuweni anasankha tizizolowezi tiwiri tokha toti kamera itione. Munthu wakeyo safulatira madzi, ngakhale pakudya. Mwana akakwera bwato lake, amamanga chingwe kawiri. Palibe adzafotokoze chifukwa chake, koma woonera akaziona sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ayamba kufunsana ndi am'nyumba mwake. Anandiuzanso kuti kamera si bwalo. Pabwalo umakweza mawu ndi manja kuti wa kumbuyo amve. Kamera ikayandikira nkhope, kuphethira kokha ndi chiganizo chathunthu. Ndipo poti seweroli ndi la magawo ambiri, chinsinsi chimathiridwa ngati mchere, pang'onopang'ono, kuti sabata yamawa anthu abwerenso.

Ndili chigonere, ndikumva achule ndi udzudzu, ndinakumbukira kuti chigwa cha Shire chino chakhala ndi munthu wotere kwa zaka mazanamazana. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona. Palibe amamuona. Anthu amadziwa za nsalu zakuda za kumeneko, za mkazi wake Salima, za mvula, ndipo nkhani za imfa yake zimasiyana malinga ndi wokamba. Steve Chimombo anamulembera sewero la The Rainmaker, lotuluka mu 1978, koma Mbona sanathere m'bukumo.

M'mawa msuweni anakayesera padooko. Anavala malaya akutha, n'kukhala pa bwato logadabuzika, nkhope kumadzi. Mayi wina wogulitsa milamba yowamba anamupatsa moni. Iye anachedwa kuyankha, kupuma kumodzi kokha, n'kuyankha mwaulemu osacheuka. Mayiyo anapita, n'kubwereranso, n'kudzaima pafupi ndi ine.

"Achimwene, kodi bambo awa kwawo n'kuti?"

Anali munthu amene ndinakula naye, tinkadyera mbale imodzi, koma tsitsi linandiima, ndipo kwa kamphindi ndinasowa choyankha.

Chibwerereni kumeneko, ndikakhala pa kanema maso anga amathamangira kwa amene sakuyankhula: manja ake ali pati, wayang'ana kuti, wachedwa bwanji kuyankha. Ndipo mpaka lero, tulo tikavuta, ndimadzifunsabe chimene agogo aja anaona m'bango.