Maso a Tycho Brahe

Madzulo a pa 11 Novembala 1572, mnyamata wina wa zaka 25 wa ku Denmark anakweza maso naona nyenyezi yowala kwambiri pamalo pamene chibadwire sanaonepo nyenyezi, m'gulu lotchedwa Cassiopeia. Posakhulupirira maso ake, anaitana antchito ndi alimi odutsa kuti nawonso aone, ndipo onse anavomereza. Mnyamatayo anali Tycho Brahe.

Ophunzira a nthawi imeneyo, potsata Aristotle, ankaphunzitsa kuti kumwamba, kupitirira mwezi, sikusintha. Motero chachilendo chilichonse chinayenera kukhala pafupi, mumpweya wa dziko lino. Brahe sanatsutse ndi pakamwa. Usiku ndi usiku ankayeza mpata wa pakati pa mlendoyo ndi nyenyezi zinzake, ndipo anapeza kuti mpatawo sunkasintha monga ukanachitira chinthucho chikanakhala pafupi. Mu 1573 anasindikiza kabuku ka m'Chilatini, De nova stella, kutanthauza za nyenyezi yatsopano. Akatswiri a lero akudziwa kuti inali nyenyezi yakale imene inaphulika pakufa. Dzina linalakwika, koma muyeso unali woona. Moyo wake wonse unadzayenda motero.

Mu 1576 Mfumu Frederick II inampatsa chilumba cha Hven, ndipo kumeneko anamanga Uraniborg, nyumba yoonerako zakumwamba. Telesikopu kunalibe, inadzatulukira mu 1608, iye atamwalira kale. Chimene anali nacho ndi zida zikuluzikulu za mkuwa, chitsulo ndi matabwa, ophunzira omuthandiza, mlongo wake Sophia, ndiponso maso. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa zaka pafupifupi 20 iye analemba malo a dzuwa, mwezi, mapulaneti ndi nyenyezi zokwana 777, akubwereza muyeso uliwonse ndi kuyesa zida zake kuti adziwe pamene zimanama. Ntchitoyi sinali yopanda banga, pakuti alimi a pachilumbapo ankakakamizidwa kumugwirira ntchito, ndipo madandaulo awo anafika kwa mfumu.

Pa funso lalikulu la m'badwo wake, Brahe anasokera. Anakana ganizo la Copernicus lakuti dziko limazungulira dzuwa, chifukwa dziko likanamayenda, nyenyezi zikanaoneka kusendera pang'ono m'kati mwa chaka, ndipo iye sanaone kusenderako. Sanadziwe kuti nyenyezi zili kutali kotero kuti diso lokha silingakuzindikire. Choncho anakonza dongosolo lakelake: dziko lili chiimire pakati, dzuwa ndi mwezi zimalizungulira, pamene mapulaneti ena amazungulira dzuwa. Dongosololi analikonda ngati mwana wobala yekha.

Atasemphana ndi mfumu yatsopano, Christian IV, anachoka ku Hven mu 1597, nakafika ku Prague mu 1599 kukatumikira Mfumu Rudolf II. Chaka chotsatira anabwera katswiri wachinyamata wa masamu, Johannes Kepler, amene Brahe ankamuonetsa zolemba zake moumira. Pa 24 Okutobala 1601 Brahe anamwalira. Kepler analemba kuti usiku wotsiriza wodwalayo ankabwereza nkhawa imodzi, yakuti asaoneke ngati anakhala moyo pachabe.

Zolembazo zitafika m'manja mwa Kepler, masamu ake a njira ya Mars anasiyana ndi muyeso wa Brahe pang'ono chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwa mwezi wathunthu monga umaonekera. Wina akanati malemuyo anaphethira. Kepler anakhulupirira maso a Brahe kuposa masamu ake, nayambiranso. Mu 1609 anaonetsa kuti Mars amazungulira dzuwa m'njira yosakhala mkombero weniweni koma wotalikirako, umene umatchedwa elipsi.

Dongosolo limene Brahe anafuna kuti limutchukitse linakwiriridwa ndi manambala ake omwe. Chinatsala ndi chimene ankachiyesa maziko chabe: zimene anaona, nazilemba monga anazionera, ngakhale pamene sizinkamukomera.